Mithethe ya a Zakwathu

Kumapeto kwa tauni, kuseri kwa malo otsukira magalimoto, kunali munda wa zomera zachilengedwe, ndipo kapitawo wa mundawo aliyense ankangowatchula kuti a Zakwathu. Dzinalo anadziputira okha ndi pakamwa pawo. Munthu akaloza mtengo n'kufunsa kuti ndi mtengo wanji, iwo asanatchule dzina ankayamba apereka chigamulo: "Uwu ndi wakwathu," kapena, atakwinya mphuno, "Uwu ndi wobwera." Ngakhale maluwa a paukwati wa mwana wa mnzawo anawayang'ana ndi diso lomwelo, mpaka akazi awo anachita kuwatsina kuti akhale chete.

Ntchito m'mundamo inkayenda ndi zitini ziwiri za penti. Mtengo wobwera, kaya bulugamu, kaya gwafa, kaya jakaranda, a Zakwathu ankaupaka chizindikiro chofiira pathunthu, ndipo antchito akaona chofiira sankafunsanso munthu, ankangolavulira m'manja n'kugwira nkhwangwa. Mtengo wakwathu unkapakidwa choyera. Wa choyera sunkakhudzidwa, ngakhale kuthyolako kanthambi kotokosera m'mano. Lamuloli analiphunzitsa mwaukali kwa zaka zambirimbiri, moti linalowa m'magazi mwa amuna aja kuposa malamulo khumi a kutchalitchi. Chitini choyera aliyense ankatha kuchinyamula, koma chofiira chinkakhala m'kabati ya mu ofesi, kiyi wake ali m'thumba la a Zakwathu.

Komatu mundawo sunakhazikitsidwe chifukwa cha mitengo. Pakati pake panali dambo laling'ono, lotseguka, la udzu waufupi, lokhala ndi kasupe, ndipo m'dambomo munkamera kaduwa kena kamene antchito anakapatsa dzina loti kandolo, poti maluwa ake ankalendewera awiriawiri ngati ndolo. Chilimwe chonse kankagona pansi, kaanyezi kake kali zii m'nthaka. Mvula yoyamba ikangogwa kankatulutsa masamba awiri, kenako maluwa. Akatswiri anakafunafuna m'madambo ena ozungulira osakapeza. Ali mnyamata, a Zakwathu anaona dambolo litadzaza ndi kandolo moti phazi unkasowa poliika, ndipo kuyambira pamenepo anakakonda kaduwako. Sindikukokomeza ayi. Mvula yoyamba ikagwa, munthuyu ankasiya tiyi patebulo n'kuthamangira kuntchito malaya osamanga mabatani.

Chikondi chimenechi n'chimene chinawamangitsa mpanda. Kale m'dambomo munkalowa aliyense: amayi omweta udzu, moto wa m'chilimwe umene palibe ankavomera kuti wauyatsa ndiye, ndiponso mbuzi za alamu awo, achimwene a akazi awo, amene anthu ankawatcha a Tonde. A Zakwathu anakwera n'kutsika masitepe a kukhonsolo mpaka zidendene za nsapato zinatha, ndipo pamapeto pake waya anabwera, geti linaikidwa, mlonda anakhala pagetipo. Moto unaleka. Omweta udzu anabwezedwa ndi zikwakwa zawo. Mbuzi za a Tonde zitapezeka m'kati tsiku lina, a Zakwathu anazitsekera m'shedi ya mawilibala, n'kuuza alamu awo pamaso pa antchito onse kuti chibale chimathera pageti. A Tonde anakusa mbuzi zawo n'kumapita, ndipo chiyambire tsikulo amuna awiriwa ankangopatsana moni wa pamaliro.

Magwafa atazulidwa, bulugamu womaliza atagwa, m'mphepete mwa dambo munayamba kumera mithethe. Abale inu, chimwemwe chake! "Mwaona?" ankatero a Zakwathu akuloza ndi chipewa. "Alendo achoka, eni nthaka abwerera." Mthethe ndi wakwathu weniweni, wa minga yokowa ngati mbedza, ndipo kale unkaima umodziumodzi kumtunda uko. Tsopano unabwera ndi ana, ana nawo n'kubwera ndi zidzukulu. Kamtengo kakangofika m'chiuno, antchito ankakapaka choyera, ndipo ankachita kupikisana kuti a kapitawo awayamikire. Anthu odzacheza Loweruka nawo ankatama mthunzi, kujambulitsa, kunena kuti nkhalango yabwerera m'tauni. Palibe anafunsa kuti nanga kale mithetheyi chinkailetsa n'chiyani kutsikira m'dambo.

Amene anadzafunsa ndi mwana wawo yemwe, wamkazi, woyamba kubadwa. Anakulira m'mundamo akukwera mawilibala, anapita kukoleji kukaphunzira za zomera, n'kubwera kudzalembedwa ntchito kukhonsolo komweko. Antchito, amene anamuona akadali ndi mamina, anamupatsa dzina loti a Sayansi. Dzinja lililonse iye ankakhoma kachikhomo paliponse pamene kandolo katuluka, ndipo dzinja lililonse zikhomo zobwerera m'thumba zinkachulukirachulukira.

Masana ena, dzuwa likuswa mtengo, analowa mu ofesi ya bambo ake, kachipinda ka malata konunkha parafini ndi majombo.

"Ababa, tiyeni kudambo."

"Dzuwa limeneli? Dambo silithawa."

"Lathawa kale. Tiyeni mukaone."

Njira imene kale ankayenda chiimire tsopano inafuna kuwerama. Minga inawakola malaya, ina inawalanda chipewa n'kuchisiya chikulendewera m'mwamba. Pamene panali kasupe anapeza matope ouma, ong'ambikang'ambika. Mwanayo analoza pansi. Panali zikhomo zitatu, zotalikirana pang'ono, zonse zili mumthunzi.

"Dzinja lapitali kanatuluka pamenepa basi. Malo atatu, dambo lonseli."

"Ndi mvula, mayi. Mvula ya masiku ano ndi yachinyengo."

"Tayang'anani kumwamba, ababa."

Anayang'ana. Thambo linkaoneka m'timipata, ngati munthu akusuzumira pasefa.

"Kandolo kamafuna dzuwa ndi chinyontho," anatero mwanayo. "Dzuwa latsekedwa ndi nthambizi, madzi akumwedwa ndi mizu. Mithetheyi iyenera kudulidwa."

"Kudulidwa? Iwe, uwu ndi wakwathu! Unali pano agogo ako asanabadwe."

"Sindikukana. Koma unali pano pamodzi ndi mbuzi zoubudula ukangomera, ndi moto wopsereza wotsalawo, ndi zikwakwa za amayi aja. Ife tinachotsa zonsezo n'kuusiya wokha. Wakwathu yemweyo, akasowa womuletsa, amakhala pamutu pa anzake."

"Ndiye mukuti chiyani, a Sayansi?" Akayamba kumutchula choncho ndiye kuti zinthu zaipa. "Mukuti kandolo ndapha ndine?"

"Sindinatero."

"Mwatero. Makutu ndili nawo."

Mwanayo zinamupweteka, poti bambo akewa ankawakonda, koma sanabwerere m'mbuyo. Anawauza kuti nthawi yodula ndi yomweyo, kandolo kakadali mtulo pansi. Mvula ikangogwa masamba atuluka, ndipo aliyense wokoka nthambi m'dambomo adzangomaliza kupondereza totsalato.

"Ndikupempha penti wofiira, ababa. Mvula isanabwere."

A Zakwathu anatsitsa chipewa chawo ndi kamtengo, anachisansa, n'kubwerera ku ofesi.

A Sayansi anali mwana wa bambo ake, liuma lomwelo. M'mawa mwake anasonkhanitsa antchito, poti kukhonsolo udindo wake unali woposa wa kapitawo, n'kuwalamula kuti ayambe kudula. Amuna aja anayang'anana. Wamkulu wawo, a Gwetsa, bambo wa imvi amene anagwetsa bulugamu wosawerengeka, anayandikira mthethe woyamba, anauzungulira, n'kubwerako nkhwangwa ili paphewa.

"Pepani a Sayansi. Uli ndi choyera."

"Ndikudziwa. Ndine ndikukuuzani kuti mudule."

"Tamva ndithu. Koma manjawa akukana."

A Sayansi anathamangira kusitolo, anagula kachitini kake kofiira, n'kupaka mitengo ingapo. A Gwetsa anawerama, anayang'anitsitsa, n'kupukusa mutu. Chizindikiro cha a kapitawo, anatero, chimayambira kumanzere ndipo chimathera ndi kamchira. Ichi n'chofiira, inde, koma dzanja lake si limeneli. Sekani ngati mukufuna, koma umu ndi mmene munthu amakhalira akaphunzitsidwa bwino mopitirira muyeso. Tsiku limenelo anangosesa tinjira ta anthu odzacheza n'kuweruka.

Kunyumba a Zakwathu anasanduka munthu wovuta. Tiyi akuti wazizira, wailesi akuti ikusokosa. Akazi awo, mayi wosoka zovala pamakina pakhonde, anali atamva nkhani yonse kwa mwana wawo, ndipo anadikira mpaka madzulo ena amuna awo atakhala pampando akuvula majombo.

"Abambo, inu moyo wanu wonse mwalimbana ndi alendo. Koma tandiuzani, m'nyumba muno amene anatimalizira shuga ndi sopo ndani? Mlendo?"

"Musayambe."

"Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'bale ndiye amabwera ndi matiresi. Aphwanu aja anati adzagona sabata imodzi, mapeto ake ana athu anakulira pabalaza."

"Anthu ndi mitengo n'zosiyana."

"Eya, n'zosiyana. Mtengo sukasuma kwa apongozi ukauuza kuti uchoke." Anapondanso makina awo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sikuti a Zakwathu sankaona. Maso anali nawo, ndipo pansi pa mtima ankadziwa kuti mwana uja wanena zoona. Chimene chinkawaopsa n'china. Moyo wawo wonse dziko linali losavuta kulimvetsa: mdani ankachokera kutali, m'thumba la munthu wapaulendo, ndipo ukamuzula zinthu zinkabwerera m'malo mwake. Ndi chikhulupiriro chimenechi anadana ndi anthu, anathamangitsa amayi ongofuna udzu, anachititsa manyazi alamu awo. Tsono ngati wakwathu nayenso akhoza kupha, ngati mpanda umene ankaunyadira ndi womwe unatsegulira mthethe njira, ndiye kuti iwo zaka zonsezi ankalondera chiyani? Funsoli linkawatsata kubafa, mu minibasi, paliponse. Ndiponso chaka chimenecho chinali chawo chomaliza. Kumapeto kwake ankapuma pantchito, ndipo ankafuna kudzatuluka pageti ngati munthu amene anachita bwino.

Ndiye anazengereza. Lero akuti mutu, mawa akuti kiyi wa kabati sakuoneka, pamene kiyiyo ali m'thumba momwemo akuwabaya pantchafu. Mwana wawo anasiya kuwalankhula za dambo. Akakumana nawo ankangoyang'ana kumwamba kuona mitambo, ndipo kuyang'ana kumeneko kunkapweteka kuposa mawu. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mkuluyu analinda mpaka mitambo inayambadi kusonkhana.

Tsiku limene bingu linagunda kutali, anapita okha kudambo n'kukhala pansi pafupi ndi zikhomo zija. Pansi pa mithethe panalibe udzu, panalibe chiwala, panali makoko ouma okhaokha ndi nthaka yagwa. Anayesa kukumbukira kulira kwa achule a pakasupe, n'kuzindikira kuti sakudziwa chaka chimene analekera kuwamva. Chisoni chinawagwira, chisoni cha munthu amene wapeza kuti wodwala wakhala akubuula m'chipinda iye ali kalikiliki kukhoma zitseko kuopa akuba. Anadzuka n'kupita kukatsegula kabati.

Penti anali atauma pamwamba ngati chikopa, poti alendo oti n'kuwapaka anatha kalekale. Anaboola ndi msomali, anathiramo parafini, anatakasa ndi kamtengo. Antchito anawatsatira mwakachetechete. Pa mthethe woyamba kamchira ka chizindikiro kanatuluka kokhota, koma a Gwetsa anakavomereza. Anavula kaye chipewa, kenako analavulira m'manja.

Anadula kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, masiku otsatizana, a Sayansi ali nawo limodzi atavala ovololo ya bambo ake yopinda m'miyendo. Mthethe sufa mwaulemu. Unawang'amba mikono, unaboola majombo, ndipo nthambi iliyonse pokokedwa inkakola inzake ngati zapangana. A Zakwathu ankayenda patsogolo ndi chitini, osayang'ana m'mbuyo mtengo ukamagwa. Dzuwa linafikanso pazikhomo zija. Koma anali atangolambula pakati pokha pamene mvula inagwa, yamkokomo, yosanyengerera munthu. A Sayansi anaimitsa ntchito pomwepo, ndipo theka la dambo linatsala m'manja mwa mithethe.

Patapita masiku angapo a Zakwathu analawirira kudambo n'kupeza malo olambula aja atabiriwira. Mtima unati myaa, poganiza kuti udzu wabwerera. Atagwada m'pamene anaona timasamba tonga nthenga. Tinali timithethe, tothithikana ngati tsitsi, kuyambira pamawondo awo mpaka kumene maso ankafika. Njere za zaka zonse zija zinali m'nthaka kudikira dzuwa, ndipo dzuwalo analibweretsa ndi iwo omwe. Zitsa nazo zinali zitayamba kuphukira.

Pazikhomo ziwiri sipanatuluke kanthu. A Sayansi anafukula ndi chala pang'onopang'ono, n'kutulutsa makoko ofewa opanda kanthu m'kati. Tianyezi tinafera mumthunzi muja. Pa chachitatu panali masamba awiri, oonda, otuwa, koma amoyo.

"Tikanayamba mwezi watha uja..." anayamba a Zakwathu.

"Izo zisiyeni, ababa. Tione kamene katsalaka."

Anayamba kuzula ndi manja, onse, atagwada mondondozana. "Takalamba n'kusanduka mbuzi," anatero a Gwetsa, ndipo anzawo anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Pamene azula m'mawa, mvula ikagwa tina tinkatuluka. Antchito anali ochepa, a misana yokalamba, ndipo mbali zina za munda zinkawadikira.

"A Gwetsa anena zoona," anatero a Sayansi akuwongola msana. "Manja sangathe, pakufunika pakamwa. Titchinge chikhomochi ndi kawaya, kwinako tilowetse mbuzi, dzinja lino ndi lamawa ndi linalo. Chilolezo ndikatenga ine kukhonsolo. Mbuzi zake mukapeze ndinu, ababa."

Onse awiri ankadziwa munthu mmodzi yekha wa mbuzi.

Loweruka masana a Zakwathu anavala jekete lawo la kutchalitchi. Akazi awo anafuna kuwaperekeza, iwo anakana. Kwa a Tonde kunali kuseri kwa msika, kudutsa owotcherera zitsulo, ometa tsitsi ndi mizere ya nyumba za lendi zimene zinamera pomwe kale panali tchire. Anachita kufunsa njira kwa mayi wogulitsa makala, njira ya kwa alamu awo enieni. Anawapeza pakhonde, magalasi ali pamphuno, akusoka nsapato ya mwana wasukulu, mulu wa nsapato zina uli pambali.

"Odi, alamu."

A Tonde anakweza maso n'kuyang'ana jekete lija. "Kwagwanji? Mlongo wanga ali bwino?"

"Ali bwino. Kulibe maliro."

"Ndiye khalani." Anakankha kampando ndi phazi.

Anafunsana za matupi, za mvula, za mawondo. A Zakwathu anazungulira nkhani mpaka m'kamwa munauma, kenako anangoitula yonse: mithethe, kasupe, zikhomo, masamba awiri aja. A Tonde ankamvetsera akukoka ulusi. Sanaseke, ndipo kusaseka kumeneko kunawalemera a Zakwathu, poti anabwera atakonzekera kusekedwa.

"Ndiye ndabwera kudzapempha mbuzi zanu, alamu. Zilowe m'dambo. Geti ndikatsegula ndekha."

A Tonde anaika nsapato pansi. "Mbuzi?"

"Eya."

"Alamu, mbuzi zake ziti?"

Anawatengera kuseri kwa nyumba. Khola linalipo ndithu, koma litamatidwa, litaikidwa chitseko ndi loko, ndipo pakazenera panali nsalu. Munkagona munthu wa lendi. Dambo lija, a Tonde anafotokoza osakweza mawu, ndilo linali msipu womaliza, poti kwina konse anthu anagawana mapoloti. Anayesa kumweta udzu wa m'mbali mwa msewu, anayesa masamba otaya a kumsika, koma mbuzi zinkangoonda, ndiye anazigulitsa imodziimodzi.

"Yomaliza tinapha paphwando la mwana wanu atamaliza koleji. Munadya nawo. Munachita kuwonjezera."

A Zakwathu anaikumbukira nyama ija. Inali yokoma, ndipo sanafunse kumene inachokera. Manyazi anawagwira mpaka anasowa poyang'ana.

"Nanga ena oweta kulibe?"

"M'tauni muno? Mbuzi mukaiona ndi kubutchala, ili chadodolido."

"Alamu, za pageti zija..."

"Zinapita ndi mbuzi zomwezo." A Tonde anayang'ana pansi, pamapazi a mlendo wawo. "Nsapato yanuyo yayasama. Vulani ndikusokereni, musabwerere choncho."

A Zakwathu anakhala pakampando paja phazi limodzi lili m'sokosi, akuonerera munthu amene iwo anamulanda msipu akuwasokera nsapato.

A Sayansi anayesa kwa alimi akutali, koma panafunika galimoto, mbusa ndi khola, ndipo kukhonsolo anati komiti idzakambirana mvula ikatha. Komiti, anthuni! Mithethe sinadikire komiti. Timitengo tinapitirira akakolo, zitsa zinatulutsa nthambi zazitali kuposa mkono, kasupe sanabwerere. Kandolo kaja sikanachite maluwa, ndipo tsamba limodzi linayamba kuchita chikasu kunsonga.

Masiku awo a ntchito atatsala pang'ono kutha, mwana wawo anawapeza masana ena atagwada pachikhomo akuzula. Anaika pambali pawo chitini cha mkaka chobooledwa pansi, ndi kakhasu ka m'manja.

A Zakwathu anachiyang'ana. M'munda umenewo chomera sichinkatuluka pageti, ngakhale njere, ndipo duwa la m'chitini iwo ankaliona ngati mkaidi.

"Kwawo n'kuno," anatero motsitsa mawu.

"N'kuno, ababa. Koma kakagona pano chaka china sikadzukanso. Dambo likadzatseguka tidzakabweza."

"Likadzatseguka."

A Zakwathu anakumba okha, motalikira, kuti atenge ndi dothi lake lomwe. Mizu ya mthethe inali itakapota kale kaanyeziko, anachita kuidula umodziumodzi ndi kampeni. Kanali kakang'ono, kolimba, kopepuka m'dzanja, ndipo a Zakwathu analira, osabisa, mwana wawo akuona.

Pageti mlonda anaona chitini chija, anatsegula pakamwa, kenako anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake. Mu minibasi a Zakwathu anachifukata pamiyendo, ndipo mayi wina anawafunsa ngati ndi adyo. Iwo anangogwedeza mutu.

Kunyumba akazi awo anasiya makina. Anasuntha miphika ya maluwa awo ogula kumsika, n'kupeza malo pakona ya khonde pamene dzuwa la m'mawa limafika. Anapukuta chitinicho ndi kansalu, anabwera ndi madzi m'kapu, n'kuima.

"Abambo, kameneka timakathirira bwanji? Tsiku lililonse, kapena modumphitsa?"

A Zakwathu anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Kaduwako anakadziwa kuyambira ali mnyamata, nthawi yake yotulukira, fungo lake, tizilombo timene timakatera. Koma chiyambire panalibe munthu amene anakathirirapo.

"Sindikudziwa," anatero.

Akazi awo anaima pomwepo, kapu ili m'manja, akudikira.